Thirakitala yakale ikaleka kumvera chiwongolero

Mvula ikangokata, misewu yafumbi ya m'maesiteti a ku Kasungu ndi Mchinji imadzaza mathirakitala okoka ngolo za chimanga, fodya ndi nkhuni. Mukayang'anitsitsa manja a madalaivala ena, muona kuti sapuma. Msewu ndi wowongoka, koma chiwongolero akuchipotokola uku ndi uku, kwinaku matayala akutsogolo akungotsata ngalande zomwe madzi anakumba. Eni ntchitoyo amati thirakitala yotere ikuyenda ngati yaledzera.

Ambiri anafika pozolowera, mpaka amaona ngati ndi mmene thirakitala yakale iyenera kukhalira. Ukalamba paokha sugwedeza chiwongolero. Chimachigwedeza ndi zitsulo zimene zadyeka, ndipo chitsulo chodyeka chimapezeka munthu akachifufuza mwandondomeko.

Makina okana kufa

Ambiri mwa mathirakitala akalewa ndi a mtundu wa Massey Ferguson ndi Ford. Massey Ferguson 135, yomwe inkapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975, yambiri inatuluka m'fakitale ya Banner Lane mumzinda wa Coventry ku England, komwenso Ferguson TE20 inayambira kupangidwa mu 1946. Injini ya 135 ya Perkins ya masilinda atatu ndi yopirira kwambiri, n'chifukwa chake thirakitala yazaka zoposa 50 imalirabe m'mawa uliwonse.

Kupirira kwa injiniko ndi kumene kumapusitsa eni ake. Bola ikulira ndipo ikukoka, ndalama zimapita ku dizilo, oyilo ndi mafiyuluta. Kutsogolo, kumene kuli zowongolera, kumakumbukiridwa tsiku limene chinthu chathyoka.

Pa mathirakitala ngati TE20 ndi 135, chiwongolero chimatsikira m'bokosi lakelake la magiya. M'mbali mwa bokosilo mumatuluka mikono iwiri, wina kumanja wina kumanzere, ndipo mkono uliwonse umakankha ndodo yachitsulo yopita ku tayala lake lakutsogolo. Ndodo iliyonse ili ndi mfundo ziwiri zozungulira, zomwe amakanika amati ma ball joint. Ndiye kuti mfundozo zilipo zinayi. Mukawonjezapo ma kingpin, mabushi, ma bearing a matayala ndi phini yapakati imene ekiselo imayendamapo, malo oti n'kudyeka amachuluka. Paliponse pakadyeka pang'ono, kugwedera konseko kumakasonkhana m'manja mwa dalaivala.

Apa ndi pomwe ambiri amatayira ndalama. Akangomva kuti chiwongolero chikugwedera, amathamangira bokosi, chinthu chodula komanso chovuta kumasula, pomwe nthawi zambiri vuto lili pa zinthu zotsika mtengo zimene zili poyera.

Ntchito ya anthu awiri

Kufufuza kumayambira pa matayala. Ngati lina lili ndi mpweya wochepa kuposa linzake, thirakitala imakokera mbali imeneyo. Matayala osiyana kukula kapena manati okhwefuka amachitanso chimodzimodzi. Izi sizifuna makanika.

Kenako thirakitala iime pamalo osalala, injini itazimitsidwa, matayala ali pansi ndipo ataloza kutsogolo. Munthu mmodzi akhale pampando n'kumagwedeza chiwongolero pang'onopang'ono, kumanja ndi kumanzere, osafika potembenuza matayala. Mnzake azitsata kuyendako ndi maso ndi dzanja, kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Ayambe ndi chiwongolero chenichenicho, chifukwa nati yapakati ikakhwefuka chimazungulira chokha pa shafiti. Akatero ayang'ane mikono yotuluka m'bokosi. Ngati shafiti ikuyenda koma mkono ukuchedwa, ndiye kuti nati yake yamasuka kapena mano ogwirana adyeka. Aonenso ngati bokosi lonse silikusuntha pa mabawuti ake.

Akafika pa ma ball joint, afumbate mfundo iliyonse m'dzanja. Yabwino imayenda pamodzi ndi mkono wake ngati chinthu chimodzi. Yodyeka imayamba yadumpha isanakankhe, ndipo dzanja limamva kugogoda ngakhale khutu lisanamve. Mphira wotchinga fumbi ukang'ambika, kapena mukaona ufa wofiira wa dzimbiri pamfundopo, dziwani kuti mkatimo mwauma kalekale. Pomaliza aone kamkono kamene kali pamwamba pa kingpin, chifukwa nako kamatha kusewerasewera kiyi wake akadyeka.

Kunyamula kutsogolo

Zina sizioneka matayala ali pansi. Mawilo akumbuyo atchingidwe ndi miyala kapena zipika, kutsogolo kunyamulidwe ndi jeke, ndipo pansi paikidwe zochirikiza zolimba. Jeke payokha si yoti munthu n'kuikhulupirira, ndipo njerwa zimaphwanyika mosachenjeza.

Gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza mwamphamvu, mnzanu akuyang'ana kuseri kwake. Ngati likugwedera ndi habu yokha pomwe chitsulo chimene habuyo yakhalapo chili phee, vuto ndi ma bearing, ndipo kawirikawiri kuwatsuka, kuwapaka girizi ndi kumanga nati moyenera kumakwanira. Koma ngati chitsulo chonsecho chikusuntha mkati mwa ekiselo, mabushi a kingpin atha. Mukalowetsa mgwala pansi pa tayala n'kulitukula, kudumpha kopita m'mwamba kumaloza ku bearing yapansi pa kingpin, yomwe ikatha imalimbitsanso chiwongolero.

Musatsitse thirakitala musanaone phini yapakati pa ekiselo. Ekiselo imayenera kupendekera m'mwamba ndi pansi potsata nthaka, koma siyenera kusuntha chakutsogolo ndi chakumbuyo. Phini imeneyi imabisika pansi pa radiator, n'chifukwa chake imaiwalika pothira girizi. Ikadyeka, matayala onse awiri amasintha kolowera thirakitala ikagunda kabampu kalikonse. Pa mitundu yokhala ndi ndodo zochirikiza ekiselo m'mbali, onaninso pamene ndodozo zamangirira kumbuyo.

Bokosi libwere pomaliza

Zonsezi zikakhala bwino koma chiwongolero chikuyendabe mtunda mikono isanasunthe, pamenepo ndiye bokosi lili ndi mlandu. Mabokosi ena amasinthidwa ndi sikuluu, ena ndi tizitsulo topyapyala toika pakati. Apa pamafunika kudekha. Magiya amadyeka kwambiri pakati, poti thirakitala imathera nthawi yambiri ikuyenda molunjika. Munthu akamanga sikuluu mpaka kugwedera kwa pakatiko kutheretu, chiwongolero chimakakamira pokhota, ndipo chimatha kukana kubwerera pa nthawi imene dalaivala akuchifuna kwambiri. Mukasintha, zungulitsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri matayala ali m'mwamba. Onaninso oyilo, chifukwa mabokosi ambiri akale anatha kalekale kudontha ndipo mkati mwake mwatsala madzi ndi dzimbiri. Pa thirakitala ya power steering, oyilo wochepa kapena mpweya m'mapaipi zimachedwetsanso matayala kumvera.

Chotsala ndi kuyeza mmene matayala aimira. Amayenera kuyang'anizana pang'ono chakutsogolo, zimene amakanika amati toe-in. Yezani ndi tepi mtunda wa pakati pa matayala awiriwo, kutsogolo ndi kumbuyo, pa msinkhu wa habu. Kutsogolo kuchepe ndi mamilimita ochepa chabe, ndipo pa mathirakitala ambiri akale saposa 6. Matayala akatasukira kunja, thirakitala imasakasaka njira ngakhale zitsulo zonse zili zatsopano. Pokonza, ndodo ziwiri zija zisinthidwe mofanana, chiwongolero chili pakati.

Nthawi zina zitsulo zilibe vuto konse. Pulawo yolemera ikanyamulidwa kumbuyo, kapena ngolo ikadzazidwa kwambiri chakutsogolo kwake, matayala owongolera amapepukidwa n'kumangokhudza nthaka. Mankhwala ake ndi kupachika zitsulo zolemetsa kutsogolo ndi kupakira katundu mwanzeru.

Njira zachidule zopha

Sipeya akasowa, pali chizolowezi chomanga ball joint ndi mphira wa chubu kapena waya, ena mpaka kuiwotcherera. Mphira umabisa kugogoda koma subwezeretsa chitsulo chimene chadyeka. Mfundo ikazuka, tayala limatembenukira kumene lafuna, ndipo thirakitala zakalezi zambiri zilibe chitsulo chotchinjiriza dalaivala ikagubuduka. Kumbuyo m'ngolomo kawirikawiri mumakhala anthu aganyu, amayi opita kuchigayo, ngakhale odwala opita kuchipatala.

Kufufuza konseku kumafuna anthu awiri, jeke, masipanala, tepi ndi m'mawa umodzi. Ball joint ndi mabushi a Massey Ferguson akupangidwabe mpaka pano, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa ekiselo yothyoka, ngolo yogubuduka kapena maliro. Choncho dalaivala akabwera kudzanena kuti, "Bwana, chiwongolerochi chikugwedera," yankho loyenera si kumuuza kuti apirire mpaka kukolola kuthe. Mwini thirakitala aimitse ntchito, atenge jeke, akaone ndi maso ake pamene chitsulo chadyeka.