Kuyenda ndi Galu M'tsinde mwa Chinduzi

Anthu ambiri a pa Liwonde pano, akationa ife otsogolera alendo m'mapiri tikutuluka m'thengo pa nthawi imene tinalonjeza, popanda wosochera kapena wokomoka ndi ludzu, amayesa kuti tili ndi mankhwala m'thumba. Koma ndinene poyera kuti nzeru yathu yagona pa kuwerenga dzuwa ndi mtunda, zinthu zimene Mlengi anaziika pamaso pa munthu aliyense.

Mukachoka pa mlatho wa Kamuzu Barrage kulowera ku Zomba, mudzaona mapiri a Chinduzi ndi Mongolowe, ndipo kuseri kwake kuli Chaone ndi Chikala, m'nkhalango imene boma linaipatula m'chaka cha 1924. Njira yopepuka, yoti nkhalamba ndi mwana ayende limodzi, siilimbana ndi nsonga ya phiri ayi, koma imatsata tsinde, m'tinjira timene amayi otola nkhuni ndi masuku anatipondaponda kalekale. Ndipo ntchito yanga ndiyo kulumikiza tinjirato kuti munthu, atayenda makilomita anayi kapena asanu, atulukire pomwe anayambira osabwerera m'mapazi ake. Chitunda ndimachiika koyambirira, kukali chisisira ndipo miyendo ikali ndi mphamvu, kuti dzuwa likamakwera tikhale tikutsetsereka mumthunzi wa miombo. Njira yozungulira ili ndi vuto lake limene alendo saliona: ukafika pakati, kutsogolo n'kutali, kumbuyonso n'kutali, kotero sinditengera munthu m'njira imene sindidziwa podulira pake.

Tsono za galu. Liwonde ali m'chigwa cha Shire, ndipo kutentha kwa Okutobala ndi Novembala sikufuna umboni. Galu satuluka thukuta monga ife. Amadziziziritsa ndi wefuwefu wa lilime, ndipo chifukwa cha kukhulupirika kwake adzakutsatani kufikira atagwa, osadandaula. Ikani chikhatho pa thanthwe: ngati simungathe kuchisiya pamenepo, mapazi akenso sangathe. Mitsinje ya m'tsinde imaphwa m'chilimwe, choncho madzi ake anyamulidwe pamodzi ndi anu, ndipo ulendo uyambe mbandakucha. Akale anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ine galu akaima n'kutchera makutu ndimaimitsa gulu lonse, pakuti mphiri imagona phee m'masamba ouma, siithawa mgugu wa mapazi.

Komabe chingwe sindilola kuti chimasulidwe, ngakhale mwini galu atachonderera motani. Anyani a m'mapiri awa sathawa galu mmodzi, ndipo mphongo yake imang'amba mimba ndi mano; m'tchire muli misampha ya waya yotchera agwape, imene siisankha mwendo; muli chitedze, muli nkhupakupa zoyenera kuzifufuza m'makutu ndi pakati pa zala pobwera. Chinanso n'chakuti kwathu kuno galu woyenda momasuka m'thengo ndi chizindikiro cha uzimba, pamene lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kusaka m'nkhalango za boma popanda chilolezo, ndipo mlonda amene angakukayikireni sindingamuimbe mlandu.

Ena amandipempha kuti tipite ndi galu ku phiri la Chinguni, pokhala lili pafupi ndi tauni ndipo limaonetsa Shire bwino lomwe. Ndimakana, pakuti Chinguni lili m'kati mwa paki ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo a African Parks akuiyang'anira kuyambira 2015. Mikango inabwezedwamo mu 2018, mimbulu mu 2021. Ndipo mimbulu, pokhala abale ake a galu, imatenga chiwewe ndi matenda ena a agalu a m'mudzi, kotero galu mmodzi wosabayidwa katemera angathe kugwetsa gulu lonse la mimbulu. Ngakhale kunja kwa mpanda, ndimayamba ndaona chikalata cha katemera wa chiwewe galu asanaponde njira.

Mbali ya ntchito imene ndimaiyesa yaikulu koposa siioneka pa mapu. Tsinde la phiri lili ndi eni ake: njira imadutsa m'minda ya nandolo, pambali pa zitsime ndi pa misitu ya manda, imene mlendo angaiyese mthunzi wabwino wopumirapo. Safunsa anadya phula; choncho ndisanatsegule njira yatsopano ndimakagwada kwa amfumu, ndi kukaonekera kwa a zankhalango ngati tidzalowa m'malire mwawo. Abale athu ambiri a ku Machinga ndi Asilamu, amene chipembedzo chawo sichilola kuti malovu a galu akhudze chovala kapena chiwiya, ndipo n'chifukwa chake tikayandikira mudzi ndimafupikitsa chingwe, galu ayende kumbali ya tchire, ndi kumumwetsa m'mbale yake patali ndi mjigo.