Njira Yotapira Ndalama ku Thumba la Green Climate Fund ndi Pomwe Imatsamira

Magulu a alimi ndi mabungwe ang'onoang'ono amene amamva pa wailesi kuti kuli ndalama zolimbanira ndi kusintha kwa nyengo kawirikawiri amabwerera chimanjamanja akapita kukafunsa m'maofesi, chifukwa thumba lalikulu la ndalamazi, lotchedwa Green Climate Fund, silipereka ndalama mwachindunji kwa munthu kapena gulu la kumudzi. Thumbali, lomwe likulu lake lili ku Songdo m'dziko la South Korea, linakhazikitsidwa pa msonkhano wa ku Cancún mu 2010 kuti lithandize mayiko omwe akukwera kumene kuchepetsa mpweya wa kaboni, womwe umatuluka poyaka mafuta, malasha ndi nkhuni n'kumatsekera kutentha mumlengalenga, komanso kuwathandiza kudziteteza ku chilala ndi madzi osefukira.

Nkhani ya yemwe ayenera kusonkha ndalama m'thumbali siinathebe, pakuti China inapitirira America potulutsa mpweyawu cha m'ma 2006 koma imawerengedwabe m'gulu la mayiko okwera kumene, pomwe Africa yonse imatulutsa mpweya wochepa kwambiri poyerekeza ndi zigawo zina.

Dziko lililonse lokwera kumene lili ndi ofesi imodzi yolumikizana ndi thumbali, ndipo ku Malawi udindowu uli m'manja mwa dipatimenti yoona za chilengedwe, yomwe imapereka kalata yosonyeza kuti boma silikutsutsa ntchito yomwe ikupempheredwa ndalama. Kalatayo payokha siikwanira, chifukwa pempho liyenera kudzera ku bungwe lovomerezeka, kutanthauza bungwe limene thumbali linalifufuza n'kukhutira ndi kasungidwe kake ka ndalama, malamulo ake otetezera chilengedwe ndi anthu, komanso ndondomeko yake yosasiyanitsa amuna ndi akazi. Apa ndi pomwe zinthu zimatsamira, pakuti kufufuzidwako kumatha kutenga zaka, kumalipiridwa, ndipo kumafuna mulu wa zikalata za m'Chingerezi zomwe bungwe la pa boma ngati Nsanje silingakhale nazo. N'chifukwa chake ntchito ya M-CLIMES yolimbikitsa machenjezo a zanyengo, yomwe inali pakati pa ntchito zoyamba kuvomerezedwa mu 2015 ndipo inalandira madola 12.3 miliyoni, inadzera ku bungwe la United Nations la UNDP, ndipo bungwe lotere limalandiranso ndalama zake zoyendetsera ntchito.

Chipsinjo china n'chakuti wopempha ayenera kupereka umboni wa sayansi woti vuto lakelo labweradi ndi kusintha kwa nyengo osati umphawi chabe, zomwe zimafuna kaundula wa mvula ndi kutentha wa zaka zambiri, pomwe m'madera ambiri zipangizo zoyezera n'zochepa. Mpata umenewu umadzazidwa ndi akatswiri olembedwa ganyu pa mtengo wokwera ndiponso misonkhano ya m'mahotela a kunyanja, komwe ma alawansi amasainidwa mwachangu kuposa malipoti. Pempho likatha kuunikidwa limadikira komiti yaikulu ya anthu 24, theka ochokera ku mayiko olemera, yomwe imakumana pafupifupi katatu pachaka, ndipo ngakhale livomerezedwe, ndalama sizituluka mpaka mapangano a zamalamulo atasainidwa.

Choncho gulu la kumudzi liyenera kulowetsa zofuna zake mu mapulani a chitukuko a khonsolo kudzera m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi m'madera (VDC ndi ADC), n'kufunsa kuti ndi bungwe liti lovomerezeka lomwe likugwira ntchito m'deralo, ndipo aliyense wotolera ndalama za kalembera m'dzina la thumbali ayenera kukanenezedwa ku polisi.