Wobaya katemera akamakayikira, mayi wakumudzi afunse yani?

Kodi n'zoona kuti ena ogwira ntchito zaumoyo amakayikira katemera?

N'zoona. Namwino kapena mlangizi wa zaumoyo akaweruka amabwerera kumudzi komwe kuja, amapemphera tchalitchi chomwecho, ndipo mauthenga a pa WhatsApp onena za kusabereka ndi 666 amafikanso pafoni yake. Katemera wa Covid-19 wa AstraZeneca atafika m'Malawi pa 5 Malichi 2021, okwana 360,000 kudzera mu ndondomeko yogawa katemera ya COVAX, ogwira ntchito zaumoyo anali pagulu loyamba kubayitsa. Ena anazengereza. Katemera wa chikuku kapena poliyo samukayikira kawirikawiri, poti amudziwa kuyambira kale ndipo aona ana akukula. Chimene chimawavuta ndi katemera watsopano, wofika mwachangu, amene akuuzidwa kuti abaye asanamumvetse.

Nanga kukayika kwawo kumapweteka bwanji anthu osauka kuposa ena?

Wandalama akakayika amapita kuchipatala cholipira kukafunsa dokotala wina. Mayi amene wayenda mtunda wautali ndi mwana kumsana kudza kusikelo alibe kwina kofunsa. Mlangizi amene akumuyeza mwanayo ndiye dokotala wake, ndiyenso nyuzipepala yake. Mayiyo amamvetsera mawu, koma amayang'ananso nkhope. Akafunsa kuti, "Achimwene, inuyo munabayitsa?" mlangizi n'kuyang'ana kumbali, nkhani yathera pomwepo, ndipo madzulo ake mudzi wonse wamva. Mlangiziyo sananene chilichonse chonyoza katemera, komabe ana khumi angalephere kubwera mwezi wotsatira.

Bwanji osangowakakamiza kubayitsa?

Kukakamiza kungadzaze kaundula wa obayitsa, koma munthu wobayidwa mokakamizidwa sangalimbikitse mnzake.

Ndiye chimene chingawalimbitse mtima n'chiyani?

Kuwauza zoona zonse, zosakoma zomwe, odwala asanawafunse. Mu Epulo 2021 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linanena kuti katemera wa AstraZeneca angayambitse kuundana kwa magazi mwa anthu ochepa kwambiri. Namwino amene nkhaniyi anaimvera pawailesi, akuluakulu ake ali chete, anali ndi chifukwa chodandaulira.

Chitsanzo chabwino chinaoneka pa 19 Meyi 2021, pamene nduna ya zaumoyo Khumbize Chiponda inatsogolera kutentha katemera 19,610 wotha nthawi pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Ena anati n'kuwononga. Ine ndimaona kuti boma linachita bwino, chifukwa kuyambira tsikulo wobaya aliyense akanatha kuuza munthu molimba mtima kuti, "Wakutha uja anaotchedwa anthu akuona."

Kodi kunena zofooka za katemera sikungathawitse anthu?

Taonani katemera wa malungo wa RTS,S, amene Malawi inayamba kupereka mu Epulo 2019, Ghana ndi Kenya zikutsatira. Pakafukufuku, katemerayu anachepetsa kudwala malungo ndi magawo pafupifupi 4 mwa 10 alionse, ndipo mwana amafunika kubayidwa kanayi. Mlangizi akauza mayi kuti mwana sadzadwalanso malungo, mwanayo n'kudzadwala, mayiyo sadzamukhulupiriranso ngakhale pa katemera wa chikuku. Koma akamuuza kuti, "Amayi, katemerayu amachepetsa chabe, neti musaisiye, ndipo thupi likatentha mubwere naye msanga," mayiyo amabwerabe chifukwa sananamizidwe.

Maphunziro a tsiku limodzi angakwanire?

Ayi, makamaka ngati ali ongowerengera anthu malangizo. Alangizi amafuna malo ofunsira mafunso awo popanda kuopa kudzudzulidwa, ndiponso wina wowayankha mwana akatupa pobayidwa. Amafunanso firiji yogwira ntchito ndi katemera wosadukiza, chifukwa mlangizi amene wabweza amayi kawiri kuti katemera watha, mawu ake amapepuka. Poliyo anapezekanso mwa mwana ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, patatha zaka 30 asanaoneke m'dziko muno, ndipo amene anayenda khomo ndi khomo kudontheza katemera mkamwa mwa ana anali anthu omwewa. Akuluakulu a zaumoyo m'maboma, katemera watsopano asanafike kusikelo, yambani mwakhala pansi ndi alangizi anu muwayankhe mafunso awo onse.