Loweruka ndi la banja lonse ku Angónia

Chimanga chikalowa m'nkhokwe mwezi wa June, ntchito imachepa m'midzi ya ku Angónia. Vuto n'lakuti Loweruka likafika, abambo ambiri amathawira ku kachasu, amayi n'kutsala pamtondo, ana ali balalabalala. Chonsecho malo ochezera banja lonse alipo, ndipo safuna ndalama zambiri.

Msika wa Lizulu uli pa msewu umene ndi malire a Mozambique ndi Malawi. Kumeneko kumadzaza kachewere, kabichi ndi tomato. Mwana akatsagana ndi makolo ake amaphunzira kunenerera mtengo, komanso amaonana ndi abale a tsidya lina. Mabanja ambiri anakhala kumeneko pothawa nkhondo imene inatha pa 4 October 1992, ndipo chibalecho chimafunika kuchiyendera.

A kufupi ndi phiri la Dómuè angathe kulawira m'mamawa atanyamula mbatata yophika ndi thobwa. Asaiwale majuzi, chifukwa nyengo imeneyi mphepo yake njobaya. Agogo akapita nawo, ana amabwerako atadziwa mayina a mitengo ndi midzi.

Madzulo kuli mpira pabwalo la sukulu, kapena ngoma ya Angoni. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, si wamasewera: ana aonere ali pambali pa akuluakulu.

Mwana amakula msanga. Akadzapita kukafuna ntchito ku Tete kapena ku Joni, adzakumbuka kwawo ngati makolo anamuonetsako.