MATHITHI A PA PHIRI LA ZOMBA

Anthu a m'midzi ya ku Zomba, ku Domasi ndi ku Jali amaliona phiri la Zomba tsiku ndi tsiku, koma ndi owerengeka amene anafikapo pamwamba pake. Ena aganiza kuti kumeneko ndi kwa alendo a ndalama okha, ena aopa kuti njira zake ndi za anyamata amphamvu. Zonsezi si zoona. Pamwamba pa phiri pali njira ya pansi yotsata mtsinje wa Mulunguzi, imene mwana wa sukulu ngakhale munthu wachikulire angathe kuyendamo, ndipo ifika pa mathithi awiri, a Mandala ndi a Williams. Woyenda m'njira imeneyi aona ndi maso ake kumene achokera madzi amene anthu a m'tauni ya Zomba amamwa.

Maonekedwe a Phiri

Phiri la Zomba siliri ndi nsonga imodzi monga lionekera kwa munthu wa kumunsi. Pamwamba pake ndi potambalala ngati mbale yaikulu, ndipo zitunda zazitali ziri m'mphepete. Chachitali koposa ndi Malumbe, chimene chipitirira mamita 2,000 kuchokera pa nyanja ya mchere. Mvula yogwa m'kati mwa mbale imeneyi isonkhana m'madambo ndi m'timakwawa, ndipo pamenepo ndi poyambira Mulunguzi.

Zomba inali likulu la Boma kuyambira 1891 kufikira 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo zaka zonsezo tauni inadalira madzi a m'phiri. M'chaka cha 1913 Boma linaika phirilo kukhala nkhalango yotetezedwa. Pambuyo pake anabzalamo mitengo yambiri ya paini, yochokera ku Mexico, kuti dziko lipeze matabwa. Koma m'mbali mwa mitsinje munatsala mitengo yachilengedwe.

Kafikidwe Kake

Njira zokwerera ziripo ziwiri. Ina ndi msewu wa galimoto wochokera m'tauni, umene ukhotakhota kufikira pa hotela ya Ku Chawe, m'mphepete mwenimweni mwa phiri. Ina ndi njira ya pansi yotchedwa Potato Path, imene anthu akhala akutsikira nazo mbatata ndi katundu wina kupita ku msika. Njira iyi ndi yachidule koma ndi ya chikweza, ndipo munthu woyenda bwino atha maola awiri kapena kucheperako. Okhala ndi ana ang'ono kapena okalamba achita bwino kukwera pa galimoto, chifukwa chovuta cha ulendo wonse ndi chikweza chimenechi. Munthu akafika pamwamba, kotsalako ndi kosavuta.

Kutsata Mtsinje

Pang'ono pokha kuchokera pa Ku Chawe pali damu la Mulunguzi, limene linatha kumangidwa cha m'ma 2000. Madzi ake atsika okha m'mipope kupita kumunsi, kumene a Southern Region Water Board awatsuka ndi kuwagawa m'nyumba, m'sukulu ndi m'zipatala za m'tauni.

Kumtunda kwa damu njira ilowa mu mthunzi wa mitengo ndi kutsata mtsinje. Mathithi oyamba kuwapeza ndi a Mandala, amene ali pafupi kotero kuti ngakhale wotopa msanga angathe kufikapo ndi kubwerera. Wopitirira apyola pa malo amene anakonza maiwe owetera nsomba za trout, nsomba za ku maiko ozizira zimene sizingakhale m'madzi ofunda a ku Chilwa. Patsogolo pake ndipo pali mathithi a Williams. Pamenepo madzi sagwa kamodzi, koma atsika pa miyala yosanjikizana ngati makwerero, ndi kusonkhana pa dziwe pansi pake. Phokoso lake limveka munthu asanawaone. Msewu wa dothi wa m'nkhalango upita pafupi, kotero kuti wosatha kuyenda mtunda wonse angathe kutsika pa galimoto ndi kuyenda pang'ono chabe.

Mathithi akhala pa malo otere chifukwa mwala wa phiri ili ndi wolimba kwambiri. Pamene mtsinje upeza dothi kapena mwala wofewa, ukumba ndi kuzama. Pamene upeza mwala wolimba, ulephera kukumba, ndipo madzi angolumpha.

Ulendo wopita ndi kubwera utheka bwino lomwe m'mawa umodzi. Otsala ndi nthawi angathe kukaonanso Queen's View, pamene anaima Mfumukazi Elizabeth, mayi wake wa Elizabeth II, mu 1957, ndi Emperor's View, pamene anaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Kukakhala kopanda mitambo, munthu aona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje.

Chifukwa Chake Madzi Saphwa

Nthawi yabwino yophunzirira pa mathithi ndi mwezi wa Okutobala. Pamenepo makwawa ambiri a kumidzi ali mchenga wokhawokha, koma pa Williams madzi ali kugwabe, ngakhale achepa. Mwana wochenjera adzafunsa kuti madziwo achokera kuti, popeza mvula inaleka miyezi yambiri yapitayo.

Yankho liri pansi pa mitengo. Munthu akafukula ndi dzanja m'mbali mwa njira apeza masamba ovunda ndi dothi lakuda lachinyezi. Mvula ikagwa, masamba a m'mwamba aichepetsa mphamvu, zinyalala za pansi ziimitsa madzi kuti asathamange, ndipo madziwo alowa m'nthaka motsata mizu. Nthaka ndi madambo zisunga madzi amenewa ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono chirimwe chonse.

Pamene mitengo yadulidwa kapena moto wapita, zinthu zisintha. Mvula imenya dothi lopanda chofunda, madzi athamanga tsiku lomwelo atatenga matope, matopewo akwirira damu, ndipo pofika chirimwe m'nthaka mulibe chosungidwa. Ichi ndi chifukwa chake kuotcha makala, kudula mitengo mopanda chilolezo ndi moto wolusa, zimene zawononga mbali zambiri za phiri m'zaka zapitazi, siziri nkhani ya a Dipatimenti ya Nkhalango okha. Mulunguzi ukatuluka m'tauni uthira mu Likangala, ndipo Likangala athira m'nyanja ya Chilwa. Nyanjayi inaphwa mu 1995 ndiponso inatsala pang'ono kutheratu mu 2018 chifukwa cha kuchepa kwa mvula, ndipo asodzi a matemba ndi alimi a mpunga adziwa mavuto amene anaona. Mitsinje yochokera ku phiri ikafooka, mavuto otere afika msanga.

Madzi a phiri ali ndi ukali wakenso. Mu Disembala 1946 mvula yoopsa inagwa pa Zomba, nthaka inagumuka, milatho inakokoloka ndipo anthu anafa. Akuluakulu anati wadutsa Napolo. Mvula yotere munthu sangailetse, koma phiri lovula ligumuka msanga koposa phiri lovala.

Zoyenera Kukumbukira

Aphunzitsi ofuna kupita ndi ana ayenera kuyamba aonana ndi a ofesi ya Nkhalango ku Zomba. Pafupi ndi Ku Chawe pamapezeka operekeza alendo odziwa njira zonse, ndipo ndi bwino kupangana nawo mtengo ulendo usanayambe.

Kumwamba kuzizira koposa kumunsi, makamaka mu Juni ndi Julayi, ndipo nkhungu itsika mwadzidzidzi. Tsono aliyense atenge chovala chofunda. Miyala ya pa mathithi iterera chifukwa cha ndere, ndipo ana asakwerepo okha. M'nyengo ya dzinja, mtsinje ukadzaza, munthu asayese kuoloka. Anyani asapatsidwe chakudya, chifukwa akazolowera alanda. Kuchapa, kutaya mapepala ndi mabotolo kapena kudzithandiza pafupi ndi mtsinje ndi kuipitsa madzi amene anthu a kumunsi adzamwa. Koposa zonse, moto usasiyidwe wosazima, ngakhale kachitsa ka fodya.

Akale anati chitsime chidziwika kuya chikaphwa. Mafumu, aphunzitsi ndi makolo a m'midzi yozungulira phiri achita bwino kutengera ana ku mathithi madzi akali kugwa, kuti anawo adziwe mtengo wake wa nkhalango, ndipo pobwera kwao akasamale mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wa m'mudzi mwao.