Matenda a maganizo pakati pa achinyamata a kumidzi ya Lilongwe

Matenda a maganizo amasokoneza kaganizidwe ka munthu, zimene akumva mumtima ndi kakhalidwe kake ndi anzake, mpaka amalephera ntchito zimene ankagwira tsiku ndi tsiku. Ambiri mwa matendawa amayamba munthu akadali wamng'ono. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa achinyamata asanu ndi awiri alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto lotere. Kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18, ndiponso kuti kumidzi ya boma la Lilongwe kokha, kupatula mzinda, kuli anthu oposa 1.6 miliyoni. Choncho ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma n'kovuta kupeza sukulu kapena mpingo wopanda wachinyamata amene akudwala motere, ngakhale kuti ambiri sanaonedwepo ndi wachipatala.

Anthu akamva za matendawa amaganiza za wamisala wotola zinyalala pamsika. Misala ilipodi, koma odwala ake ndi ochepa. Ofala kwambiri ndi matenda okhumudwa ndi matenda a nkhawa, ndipo awiriwa sachita phokoso. Kukhumudwa pakagwa maliro kapena munthu akalephera mayeso si matenda, n'chibadwa. Achipatala amayamba kukayikira matenda pamene kukhumudwako kwatha masabata awiri kapena kuposerapo, tsiku lililonse, ndipo munthu sakusangalalanso ndi chilichonse, sakugona kapena akungogona, sakudya, akutopa osagwira ntchito, akudziona wachabechabe.

Pakhomo zimaoneka chonchi. Mtsikana wa fomu 2 amene ankapita kumjigo akuseka ndi anzake amayamba kudikira kuti onse achokeko kaye. Pa nsima amangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Kukwaya wasiya, m'kalasi akungoyang'ana pawindo. Mnyamata amene ankalawirira ku kabaza amatsamiritsa njinga kukhoma mpaka matayala kuphwa, ndipo mng'ono wake akamufunsa kanthu kakang'ono amamukalipira. Mwa achinyamata matenda okhumudwa amaonekera kwambiri m'kupsa mtima kusiyana ndi m'misozi, n'chifukwa chake makolo amati mwanayu wayamba mwano, kapena amati ndi ulesi basi. Chimatsatira ndi chibalo kusukulu ndi mkwapulo kunyumba, pamene mwanayo akufunika chithandizo.

Enanso matendawa amawagwira m'thupi. Amadandaula mutu wosatha, mtima kuthamanga, kubanika, kutentha paliwombo. Kuchipatala amawayeza malungo, sawapeza, amawapatsa panado, ndipo mwezi usanathe abweranso. Buku la kuchipatala likadzaza ndi madandaulo omweomwewo koma matenda osapezeka, ndi bwino kuti wina amufunse mwanayo chimene chikumusowetsa mtendere.

Gwero la matendawa si limodzi. Ena amatengera kumtundu, ena amayamba chifukwa cha nkhanza, kugwiriridwa kapena umasiye. Kudera lino zambiri zimayendera limodzi ndi ulimi. Banja limadalira fodya, mtedza, soya ndi chimanga, ndipo ndalama imabwera kamodzi pachaka. Mitengo ikavuta ku okushoni ku Kanengo, kapena mavenda akagula soya motchipa pa Nsaru, woyamba kumva kuwawa ndi mwana amene amayembekeza fizi. Amene wakhoza MSCE n'kusowa kolowera amabwerera kumunda umene wagawidwa kale kangapo, akuona anzake a ku Joni akutumiza malata. Ngongole za banki mkhonde ndi katapila zafika ndi kwa anyamata ndi atsikana omwe, ndipo manyazi olandidwa katundu anthu akuona amalemera kuposa ngongoleyo.

Atsikana ali ndi mtolo wawo. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali ndi pakati kapena anali atabereka kale, ndipo amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18. Malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, koma lamulo silichotsa chisoni cha mtsikana amene wasiya sukulu, mnyamata wamukana, ndipo kwawo akumunena kuti wachititsa manyazi. Matenda okhumudwa amagwira amayi ambiri ali oyembekezera kapena atangobereka, ndipo kusikelo ndi malo abwino owazindikirira. Achinyamata amene anabadwa ndi HIV nawo amasenza chinsinsi chimene chimawachititsa ena kusiya ma ARV.

Mowa ndi chamba n'zimene ambiri amathawirako. Kachasu ndi timabotolo totchipa ta pagolosale zimagonetsa usiku umodzi, kukacha mtima n'kulemera koposa. Chamba, makamaka kwa amene wayamba kusuta ali wamng'ono, chimawonjezera chiopsezo cha misala. Lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhala ndi chiphaso, osati chosuta.

Wachinyamata akayamba kumva mawu amene ena sakuwamva, kulankhula zosagwirizana kapena kukhulupirira kuti anthu akumusaka, mabanja ambiri amayamba kwa sing'anga kapena ku mapemphero, poganiza kuti walodzedwa chifukwa cha nzeru za kusukulu. Pemphero silitsutsana ndi chipatala, ndipo m'busa wabwino amapempherera wodwala n'kumuperekeza kwa dokotala. Choopsa ndi kuchedwa, chifukwa misala ikatha miyezi yambiri osalandira mankhwala imavuta kuchiza. Kumanga wodwala ndi zingwe, kumumenya kapena kumumana chakudya ndi nkhanza, ngakhale wochitayo akhale ndi cholinga chabwino. Ndipo kusokonezeka kwadzidzidzi kobwera ndi kutentha thupi, kukomoka kapena kuuma khosi kungakhale malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi. Wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Mapeto owawitsitsa ndi kudzipha. Mu 2020 apolisi analengeza kuti odzipha kuyambira Januwale mpaka Ogasiti anachuluka ndi 57 pa 100 alionse poyerekeza ndi miyezi yomweyo mu 2019, ndipo ochuluka kwambiri anali amuna. Mnyamata amakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, ndiye amasunga zonse mpaka zitamukulira. Komabe ambiri amapereka zizindikiro: amanena kuti kuli bwino kungofa, amagawa zinthu zawo, amatsanzika mosadziwika bwino. Mawu otere asatengedwe ngati nthabwala kapena kuopseza. Kumufunsa munthu mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo; kawirikawiri kumamupepuza. Asasiyidwe yekha, ndipo mankhwala a mbewu ndi a makoswe atsekeredwe kutali. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala a mbewu oopsa kwambiri, odzipha anachepa kwambiri, chifukwa maganizo odzipha nthawi zambiri amabwera mwamphamvu kwa kanthawi kenako n'kuphwa.

Akatswiri a matendawa ndi ochepa m'dziko muno. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, ndipo a St John of God ali ndi zipatala ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Koma munthu wa ku Kabudula sayenera kuyambira kumeneko. Poyambira ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kapena chipatala chapafupi, monga cha Kabudula, Nsaru, Nambuma kapena St Gabriel ku Namitete. Kumeneko amayamba aona ngati palibe matenda ena a m'thupi, ndipo pakafunika amatumiza wodwala kwa anamwino ndi madokotala a za maganizo mu mzinda wa Lilongwe.

Ambiri safunika kugonekedwa, ndipo si onse ofunika mankhwala. Matenda okhumudwa akakhala kuti sanakule, uphungu umathandiza: kukhala pansi ndi munthu wophunzitsidwa, kutchula mavuto limodzi ndi limodzi, kusankha limene lingatheke, ndi kubwerera pang'onopang'ono ku mpira, kukwaya kapena kudimba. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kuchita zimenezi atakhala pa benchi panja pa chipatala, ndipo kafukufuku wa 2016 anaonetsa kuti njirayi, yotchedwa Friendship Bench, imachepetsadi matendawa. Yayesedwanso m'zipatala zina za ku Malawi. Phunziro lake ndi lofunika kumudzi, kumene kuli kale anamkungwi, atsibweni, aphunzitsi ndi akulu a mpingo amene achinyamata angawakhulupirire atakhala osunga chinsinsi. Matenda akakula pali mankhwala monga fluoxetine. Amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira ntchito, ndipo sayenera kusiyidwa popanda kufunsa wachipatala.

Achinyamata amamvera kwambiri anzawo amene anadutsamo. Pulogalamu ya pawailesi ya Nkhawa Njee, imene bungwe la Farm Radio International linathandiza kukhazikitsa, inkamvedwa m'magulu a achinyamata m'maboma a Lilongwe, Mchinji ndi Salima, ndipo inathandiza ambiri kutchula vuto lawo koyamba. Palinso bungwe la MeHUCA, la anthu amene anadwalapo matenda a maganizo pamodzi ndi owasamalira. Wochira akaimirira n'kunena kuti anamwa mankhwala, anabwerera kusukulu ndipo analemba mayeso, amachotsa mantha kuposa chikwangwani chilichonse. Koma asakakamizidwe kuulula. Nkhaniyo ndi yake.

Amene sangathe kuyamba ndi munthu womudziwa angaimbe foni. Nambala ya 116, ya Tithandizane imene bungwe la YONECO limayendetsa, ndi yaulere kwa ana ndi achinyamata, ndipo palinso Chipatala cha pa Foni.