DOTOLO WOSAGWIRA NCHITO M'CIPATALA

Anthu akamva kuti uje wabwera kucokera ku maphunziro ndi dzina lakuti Dotolo, kawiri-kawiri amaganiza za cipatala, nyeleti ndi mankhwala. Koma alipo madotolo ena amene sanagwirepo wodwala ai. Iwowa ndiwo anthu amene anafika pa nsonga ya maphunziro a pa Yunivesite, nalandira digiri yochedwa Ph.D. Ena mwa iwo nchito yao ndiyo kufufuza za nthaka, madzi, mpweya, mitengo ndi nyama, kuti adziwe cimene ciri kuononga zinthuzi ndi m'mene zingacinjirizidwire.

Njira yofikira ku dzinali iri ndi makwerero atatu. Poyamba munthu amatenga digiri yoyamba, imene pa Yunivesite ya Zambia, yotsegulidwa m'caka ca 1966, imatenga zaka 4 pa maphunziro ambiri. Pambuyo pace pali digiri ya Master, ya caka cimodzi kapena ziwiri. Khwerero lotsiriza ndilo la Ph.D., limene limatenga zaka 3 kapena 4, ndipo limaposa pamenepo ngati munthuyo ali kugwiranso nchito yina. Pa makwerero awiri oyambawo wophunzira amalandira makamaka nzeru zimene ena anazipeza kale. Pa lacitatuli afunika kupeza yekha cinthu cimene sicinadziwike ndi munthu ali yense, ndi kuonetsa umboni wace.

Citsanzo ca nchito yotere cipezeka ku Kabwe, kumene kale kunali kuchedwa Broken Hill. Miyala ya mtobvu ndi zinki inapezeka kumeneko m'caka ca 1902, ndipo mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994. Koma mtobvu suola monga masamba. Unatsala m'nthaka ndi m'milu ya zotaya za mgodi, ndipo ana a m'makomboni monga Kasanda, Makululu ndi Chowa amaumeza pamodzi ndi pfumbi posewera. Mtobvu ukalowa m'magazi a mwana umaononga bongo, kotero kuti mwanayo amabvutika kugwira za ku sukulu. Kuti anthu adziwe kukula kwa ngoziyi, panafunika wina woyeza nthaka, ndiwo za m'madimba, nkhuku ndi magazi. Akatswiri a pa Yunivesite ya Zambia akhala akucita zimenezi pamodzi ndi anzao a pa Yunivesite ya Hokkaido ku Japan, ndipo ena mwa ana a Zambia analandira Ph.D. yao pa nchito yomweyi.

Wophunzira wotere amayamba ndi funso limodzi lokha. Sanganene kuti adzafufuza za mtobvu wonse wa m'dziko. Angafunse kuti, kodi mphepo imaulutsira pfumbi la mtobvu mbali iti, ndipo limafika mtunda wotani? Amapatsidwa mphunzitsi wamkuru womuyang'anira, amene nchito yace ndiyo kumuongolera ndi kumudzudzula, osati kumuuza mayankho. Miyezi yoyamba imathera pa kuwerenga zonse zimene ena analemba pa nkhaniyo, kuopa kuti angataye zaka pofuna cinthu copezeka kale.

Akatha kuwerenga amaturuka kumka ku malo eni-eniwo. Kumeneko sangangofika ndi kuyamba kukumba m'mabwalo a eni ace. Ayenera kupempha cilolezo ku Boma ndi kwa akuru a mudzi, ndipo ngati afuna kutenga magazi a mwana, makolo ayenera kumva bwino colinga cace ndi kubvomera mwa ufulu. Nthaka imene atenga amaiika m'timatumba, nalemba pa kali konse malo ndi tsiku. Amabweranso m'dzinja ndi m'cirimwe, cifukwa zimene zioneka pa nyengo ya mvula sizifanana ndi za pa nyengo ya pfumbi. Galimoto likafa pa njira, kapena mvula ikacedwa, nchito ya caka conse ingathe kuima. Apa mpamene mau a akale amatsimikizika, akuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Timatumba tija timapita ku nyumba yoyezeramo, kumene kuli makina okhoza kuzindikira mtobvu ngakhale wocepetsetsa. Wophunzira aphunzira kusamala makinawo ndi kubwereza muyezo kangapo. Aphunziranso masamu osanthulira ziwerengero, pakuti nthaka ya pa bwalo limodzi singaweruze mzinda wonse. Nthawi zina ziwerengerozo zimatsutsa cimene iye anali kuyembekeza, ndipo pamenepo afunika kulemba zimene wapeza, osakonza nambala ndi imodzi yomwe. Wofufuza wonama angacititse kuti Boma litaye ndalama pa malo osayenera pamene ana ali kudwala kwina.

Potsiriza amalemba buku lalikuru lofotokoza funso lace, njira imene anatsata ndi zimene anapeza. Bukulo limawerengedwa ndi akatswiri ena, mmodzi wa iwo wocokera ku Yunivesite yina, ndipo m'maiko ambiri amamuitana kuti ayankhe mafunso pamaso pao kwa maora angapo. Akakhutira, kapena akakonza zimene amuuza, ndipo alandira dzina lija.

Masiku ano aphunzitsi aona kuti kufufuza kokha sikukwanira. Cifukwa cace wophunzira amaphunzitsidwanso kulemba kalata yopempha ndalama za nchito, kuwerengera ndalamazo, kuphunzitsa ena, ndi kulankhula pa msonkhano. Coposa zonse ndico kufotokoza zimene wapeza m'mau osabvuta. Mai wa ku Makululu sasowa buku la masamba mazana. Asowa kumva kuti kusambitsa ana m'manja asanadye, kukolopa m'nyumba ndi nsaru yonyowa, ndi kubzala kapinga pa bwalo kumacepetsa pfumbi lolowa m'thupi.

Nanga akatsiriza amapita kuti? Malo a uphunzitsi pa Yunivesite ndi ocepa, ndipo si onse angawapeze. Ena amalowa m'bungwe la ZEMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2011 kuti liyang'anire za cilengedwe. Ena amagwira nchito ku migodi, ku makampani a madzi, ku cigawo ca Boma cosunga nyama za m'thengo, kapena ku UNEP, bungwe la United Nations limene likuru lace liri ku Nairobi. Bvuto ndi lakuti ambiri amaphunzira kunja ndi thandizo monga la Commonwealth Scholarship, limene linakonzedwa m'caka ca 1959, ndipo pobwera kwao amapeza kuti makina ndi ndalama zofufuzira nzosowa. Motero ena amakhalira komweko.

Alipo amene anasankha kugwira nchito kwao. Mai Wangari Maathai a ku Kenya anaphunzira ku America, nabwerera, nalandira Ph.D. pa Yunivesite ya Nairobi m'caka ca 1971. M'caka ca 1977 anayambitsa gulu la Green Belt Movement, limene linatsogolera akazi a m'midzi kubzala mitengo mamiliyoni ambiri, ndipo m'caka ca 2004 analandira mphoto ya Nobel ya mtendere. Iwo anatenga nzeru za pa Yunivesite napita nazo kwa anthu osowa nkhuni ndi madzi.

Tsono mnyamata kapena mtsikana wofuna njira imeneyi ayenera kulimbikira sayansi, masamu ndi Cingerezi akali ku sekondale, ndipo makolo ace ayenera kudziwa kuti mwana wao adzacedwa kulandira malipiro. Mafunso omudikira ndi ambiri: za mtobvu wa ku Kabwe, za madzi a mu Kafue, ndi za nkhalango zimene ziri kutha ndi makala.